Umphawi wa mlimi sauyeza ndi ndalama ya pa tsiku

Mu Juni chaka cha 2025 a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, imene pa Chipwitikizi amati Banco Mundial, analengeza kuti asuntha malire a umphawi. Kuyambira mu 2022 iwo ankati munthu wosaukitsitsa ndi amene moyo wake umayendera ndalama yosafika madola 2.15 pa tsiku, koma tsopano akuti ndi amene safika madola 3. Atawerenganso ndi muyeso watsopanowo anapeza kuti osaukitsitsa a pa dziko lapansi mu 2022 sanali 713 miliyoni monga ankanenera poyamba, koma 838 miliyoni. Anthu 125 miliyoni analowa m'kaundula wa amphawi tsiku limodzi lokha, pamene m'mbale mwao simunachoke ngakhale mtanda umodzi wa nsima.

Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, ambiri mwa ife kuno ku Fonte Boa, ku Lifidzi, ku Domwe mpaka kukafika ku Biriwiri timangoti zimenezo n'za anthu ovala mataye a ku Maputo. Koma sizili choncho ai. Mzere umenewu, umene amati linha de pobreza, ndi umene Boma ndi mabungwe othandiza amayang'ana akamaganiza kuti ndalama za chitukuko zilowere chigawo chiti, ndiponso ndi umene atsogoleri amaugwira m'manja akamatiuza pa msonkhano kuti umphawi watsika. Ndi sikelo imene amatiyezera tonsefe, kaya tikudziwa kaya sitikudziwa, ndipo aliyense amene anagulitsapo nyemba kwa mavenda akudziwa chimene chimam'chitikira mlimi wosayang'ana pa sikelo. Maganizo anga ndi akuti sikeloyi njofunika, tisaitaye, koma ili ndi chilema chimodzi chachikulu kwa ife a kumunda: imawerenga moyo wa munthu pa tsiku, chonsecho moyo wa mlimi umayenda pa chaka.

Tiyambe taona m'mene mzerewu amaupangira m'dziko lathu lino. Pakapita zaka zingapo, ofesi ya Boma yoona za chiwerengero, ya INE, imatumiza anyamata ndi atsikana kukayendera makomo osankhidwa m'zigawo zonse. Kafukufuku woyamba wa mtunduwu anachitika mu 1996 ndi 1997, ndipo anafika m'makomo oposa 8,000. Pakhomo paliponse amafunsa zimene banja ladya ndi kugula m'masiku owerengeka: ufa wochuluka bwanji, nyemba, mchere, sopo, parafini, zovala. Kenaka akatswiri a ku unduna amatenga zakudya zimene anthu osauka amadyadi, nawerengera kuti pangafunike ndalama zingati kuti munthu mmodzi apeze mphamvu yokwanira m'thupi, imene amaiika pa makalori pafupifupi 2,150 pa tsiku. Pamwamba pake amaonjezapo kandalama kochepa ka zinthu zosadyedwa. Akaphatikiza zonsezo, mzere ndi umenewo. Tikatenga dziko lonse pamodzi, mu 1996/97 unali pa mametikali 5,433 a ndalama yakale ija pa munthu pa tsiku, amene ndi mametikali asanu ndi timasentavu pamwamba tikawerenga m'ndalama yatsopano imene inabwera mu 2006. Mu 2008/09 unali pa mametikali 18 ndi masentavu 40. Wochepera pamenepo ndi mmphawi. Wopitirira pamenepo, ngakhale ndi metikali imodzi yokha, m'buku la Boma si mmphawi.

Makalori ndi mau achilendo, tsono tiyeni tiwasandutse matumba. Munthu atati azidya nsima ya mgaiwa yokhayokha popanda ndiwo, angafune ufa wopitirira theka la kilo pa tsiku kuti afike pa 2,150 paja, tinene magalamu 600. Pa chaka ndi makilo pafupifupi 220. Banja la anthu asanu ndiye kuti matumba 22 a makilo 50, ndipo apa sitinachotsepo gaga wotsala pokonola, chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe, cha pa maliro ndi cha alendo. Inde munthu sadya nsima yokha, pali mbatata, maungu ndi nyemba zimene zimachepetsako matumba aja. Komabe mayi aliyense wowerenga tsamba lino angathe kusuzumira m'nkhokwe mwake n'kudziyankha yekha ngati chaka chino ali pamwamba kapena pansi pa mzerewo, osadikira munthu wa cholembera.

Pali chinthu chimodzi chimene akatswiri athu anachita mwanzeru, ndipo tiyenera kuwayamikira. Iwo safunsa kuti "mumalandira zingati pa mwezi", chifukwa akudziwa kuti funso limenelo mlimi alibe nalo yankho. Amafunsa zimene zadyedwa ndi kugwiritsidwa ntchito, ndipo chimanga chochokera m'munda mwako amachiikira mtengo ngati kuti wachigula pa msika. Nayonso nkhani ya madola atatu ija si yoti titenge mametikali 64 amene dola yakhala ikugulidwira ku banki kuyambira 2021 n'kuchulukitsa katatu. Dola ya m'mabuku awo amaisintha molingana ndi zimene ingagule m'dziko lililonse, choncho kwa ife imakhala yocheperapo ndithu kuposa mametikali 190. Ngakhale zili choncho, ndi muyeso umenewo pafupifupi anthu asanu ndi atatu mwa khumi alionse a ku Moçambique ali pansi pa mzere.

Nzeru yolemba mzere si ya dzulo. Mu 1899 mkulu wina dzina lake Seebohm Rowntree, mwana wa mwini fakitale ya chokoleti mumzinda wa York ku England, anachita kafukufuku m'mabanja 11,560 a anthu ogwira ntchito. Anawerengera kuti bambo, mayi ndi ana atatu amafunika masheleni 21 ndi makobiri 8 pa sabata kuti thupi lingoima, ndipo anapeza kuti anthu pafupifupi 28 mwa 100 alionse a mumzindamo anali amphawi. Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti Rowntree yemweyo anaona kuti umphawi uli ndi nyengo zake. Munthu mmodzi yemweyo amagwera pansi ali mwana, amakwera akayamba ntchito, amagweranso akabereka ana ang'onoang'ono, amapumako anawo akakula, kenaka n'kudzagweratu atakalamba. Mwini wake wa sikelo ankadziwa kuti kuyeza kamodzi sikukwanira.

Kuno ku Africa nzeruyi inafika m'zaka za m'ma 1940 kudzera mwa Edward Batson wa pa yunivesite ya Cape Town, amene anayeza mzere wotere ku Cape Town komanso ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Nthawi imeneyo azigogo athu ambiri a kuno ku Angónia anali komweko, ena m'tauni ena m'mafamu a azungu, atathawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi. Mzere wa Batson unkawerenga chakudya, zovala, nkhuni, nyali, sopo, lendi ndi ulendo wa ku ntchito basi. Munalibemo mankhwala, munalibemo sukulu ya ana, munalibemo mpando kapena poto, munalibemo za maliro. Iye mwini ananena poyera kuti munthu sangakhale moyo wa umunthu ndi zokhazo. Koma mabwana ena atamva nambalayo anaitenga ngati malipiro okwanira munthu wakuda. Chimene chinapangidwa kuti chikhale pansi penipeni chinasanduka denga. Ngozi imeneyi ilipo mpaka lero paliponse pamene nambala yatchulidwa popanda kufotokoza zimene yasiya kunja.

Tsopano tinene zabwino zake, pakuti zilipo. Kafukufuku wa 1996/97 anatipeza titangobwerera kumene kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene tinathawira nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Minda inali tchire, ng'ombe zinali zitatha, masukulu ndi zipatala zinali mabwinja. Mzere unanena zoona: m'dziko lonse anthu pafupifupi 70 mwa 100 anali amphawi, ndipo m'chigawo chathu cha Tete anali oposa 80. Pofika 2002/03 dziko linatsikira pa 54. Mu 2008/09 nambala sinasunthe kwenikweni, ngakhale kuti m'zaka zimenezo tinkamva tsiku ndi tsiku kuti chuma cha dziko chikukula mothamanga. Apa mzere unagwira ntchito ya mboni, chifukwa unaonetsa kuti chuma chikhoza kukula ku Maputo ndi m'makampani akuluakulu osafika m'mbale ya munthu wa kumudzi. Mu 2014/15 dziko linafika pa 46, ndipo Tete inatsikira pafupi ndi 32. Kenaka kunabwera ngongole zobisika zimene zinaululika mu 2016, metikali inagwa, katundu anakwera, nkhondo inabuka ku Cabo Delgado mu 2017, namondwe Idai ndi Kenneth anaononga mu 2019, mliri wa Covid-19 n'kudzatsatira mu 2020. Kafukufuku wa 2019/20 anapeza 68 mwa 100, ndipo wa 2022 anapeza 65. Kunena kwina, patapita zaka 25 tinabwerera pafupi ndi pamene tinayambira. Popanda mzerewu mtsogoleri aliyense bwenzi akungonena zake, ife n'kumaomba m'manja.

Nanga vuto lili pati? Vuto ndi lakuti mzerewu unabadwira m'tauni, pakati pa anthu olandira malipiro sabata ndi sabata. Kwa munthu wotere, zimene wadya sabata ino zimafanana ndi zimene adzadye sabata ya mawa. Mlimi wa kuno kumapiri amakolola kamodzi. Mu Meyi ndi Juni pakhomo pamakhala chimanga, nyemba, soya, mbatata ya kachewere, ena ndalama ya fodya. Ana amadya katatu, mayi amagula chitenje, bambo amakonzetsa njinga. Wofunsa mafunso akafika mwezi umenewo adzalemba kuti banja ili lili pamwamba pa mzere, ndipo sadzakhala akunama. Banja lomwelo mu Januwale ndi Febuluwale limadya kamodzi, nthawi zina phala la madeya, nthawi zina masamba a maungu opanda nsima. Wofunsa akafika nthawi imeneyo adzalemba kuti ndi amphawi, ndipo naye sadzakhala akunama. A INE amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amagawa maulendo ao chaka chonse kuti miyezi yonse ilowemo. Koma potsiriza nambala imatuluka imodzi, ndipo nambala imodziyo imasakaniza Juni ndi Febuluwale ngati munthu wothira madzi otentha ndi ozizira mu ndowa imodzi n'kumati madzi onse a pakhomo pano ndi ofunda. Mabanja amene amagwera pansi pa mzere kwa miyezi itatu kapena inayi chaka ndi chaka ndi ochuluka kuposa amene nambalayo imaonetsa, ndipo miyezi imeneyo ndi yomwe ija malungo amachuluka, ana amatupa miyendo, ntchito ya kumunda ili pachimake.

Taonaninso m'mene chaka cha mlimi wosauka chimadzidyera chokha. Nthawi yokolola aliyense amafuna ndalama: ngongole ya feteleza, yunifolomu, mchere, sopo. Onse amagulitsa nthawi imodzi ndipo mtengo umakhala pansi. Magalimoto amabwera kuchokera ku Tete, ku Beira ndi kutsidya ku Malawi n'kutenga chimanga chathu. Ikafika Januwale, mlimi yemwe uja amapita kukagula lata ya chimanga pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina kwa munthu yemweyo amene anamugulitsa. Ndalama alibe, tsono amapita kukagwira ganyu m'munda mwa mnzake wopezako bwino. Masiku amene akupalira ndi kubandira munda wa mwini ndi masiku omwewo amene munda wake ukufuna khasu. Udzu umakula, zokolola zimachepa, chaka chamawa nkhokwe imatha msanga kuposa chaka chino. Sikelo ya pa tsiku ikamuona munthuyu akubwera madzulo ndi mbale ya ufa wa ganyu imalemba kuti lero wadya. Siiona kuti ufa umenewo waugula ndi zokolola za chaka chamawa. Chimodzimodzi banja limene lagulitsa mbuzi yomaliza kapena malata a padenga kuti lidye: sabata imeneyo limaoneka ngati likupeza bwino, pamene ndi sabata imene lalowa mu umphawi weniweni.

Choopsa kwambiri ndi pamene anthu asiya njira ya zodyedwa ija n'kuyamba kuyeza ndi ndalama yolowa m'thumba, monga amachitira ena polemba maina a olandira thandizo. Mlimi wa fodya tsiku logulitsa amagwira ndalama imene mphunzitsi saigwira pa mwezi. Koma muchotsepo feteleza ndi mbeu za pa ngongole, aganyu, mitengo ya chigafa, ngolo yonyamulira, mugawe chotsalacho ndi masiku 365 ndi anthu a pakhomopo, muone chimene chitsale. Nthaka yathu ya kuno, imene anthu a kunja amaitama kuti ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete, inatopa kale, ndipo popanda feteleza minda yambiri sibereka. Ndalama yochuluka imene imadutsa m'manja mwathu imangodutsa. Ndipo tisabisane, abambo anzanga: sikelo imagawa ndalama ya pakhomo mofanana kwa aliyense, ngati kuti imene inathera pa bawo ndi kachasu sabata yogulitsa fodya inafikanso m'mimba mwa mwana.

Ife a m'malire tili ndi vuto linanso limene a ku Maputo ndi a ku Lilongwe saliganizira. Mseu waukulu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda m'malire penipeni, ndipo pa Lizulu munthu amagula tomato ku Moçambique n'kukagula mchere ku Malawi asanatsitse dengu pamutu. Mbali iyi kuli mchimwene, mbali iyo kuli mlongo, chilankhulo chimodzi, nsima imodzi, mvula imodzi. Koma aliyense ali ndi mzere wake. A ofesi ya chiwerengero ya ku Zomba anaika mzere wa 2019/20 pa makwacha 165,879 pa munthu pa chaka, amene ndi makwacha pafupifupi 454 pa tsiku, napeza kuti theka la Amalawi, 51 mwa 100, linali pansi pake. Chaka chomwecho kwathu kuno anapeza 68. Kodi tinene kuti mlongo wa ku Ntcheu ankadya bwino kuposa mchimwene wa ku Tsangano? Nambala ziwirizi sizingayankhe, chifukwa zinayezedwa ndi masikelo osiyana. Komanso ambiri a ife timagulitsa mbatata ndi kabichi m'makwacha, pamene za ku sukulu, za ku chipatala ndi za ku boma zimafuna mametikali. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, amene anasunga makwacha pansi pa mphasa anagona ali ndi ndalama ya thumba la feteleza n'kudzuka ilibe mphamvu. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ife timakhala m'mapanga awiri osati mwa kufuna kwathu, ndipo palibe mzere wa dziko lililonse umene umawerenga mvula imene imatinyowetsa pakati pake.

Chinanso, akatswiri anagawa dziko m'madera 13, lililonse ndi mzere wake, pozindikira kuti mitengo ya zinthu ku Maputo si yofanana ndi ya ku Lichinga. Ndi nzeru yabwino. Koma ife anatiika m'thumba limodzi ndi midzi yonse ya Tete ndi Manica. Mlimi wa ku Tsangano, kumene mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka tirigu amalola, ali pa mzere umodzi ndi wa ku Changara kapena ku Mutarara kumene anthu amagona panja chifukwa cha kutentha. Bulangete ndi juzi kwa ife ndi mankhwala. Ndiponso makomo amene amafunsidwa ndi okwanira kunena za chigawo chonse cha Tete, osati za boma limodzi ngati Angónia kapena Tsangano. Wina akakuuzani kuti kafukufuku ameneyu wapeza kuti mudzi wanu si wosauka, dziwani kuti akuonjezera zake.

Ndafika tsono pa chimene chimandidetsa nkhawa koposa, ndicho kusandutsa sikelo kukhala chipata. Dziko lathu linayesapo kale. Mu 1990, nkhondo ili mkati, Boma linatsegula ofesi ya GAPVU kuti izipereka kandalama ka chakudya kwa osaukitsitsa a m'matauni, ndipo lamulo linali lakuti wolandira akhale wa banja limene ndalama yake pa munthu siifika pa muyeso woikika. Koma mayi wogulitsa makala kapena nkhalamba yodalira adzukulu ilibe pepala la malipiro, choncho muyesowo unali wovuta kuutsimikiza, ndipo nkhani inatsalira m'manja mwa alembi a m'madera. Mu 1997 ntchitoyo inapita ku INAS, imene lero imayang'ana kwambiri ukalamba, ulumali ndi matenda a mgonagona m'mabanja osowa. Kumeneko kunali kuphunzira. Koma taonani kukula kwa thandizolo. Mu 2018 Boma linaika mametikali 540 pa mwezi kwa munthu wokhala yekha, ndi 1,000 kwa banja la anthu asanu. Mukagawa 540 ndi masiku 30 mupeza mametikali 18 pa tsiku, ndiye kuti mzere wa umphawi wa 2008/09, wa zaka khumi m'mbuyo mwake, katundu asanakwere. Kwa banja la anthu asanu ndi mametikali osafika 7 pa munthu. Boma limene linalemba lokha mzere likupereka thandizo losafika pa mzere wake womwe. Apa ndi pamene kudziwa nambala kumatithandiza, chifukwa tingathe kufunsa funso limeneli pa msonkhano popanda wina kutinena kuti tikuchita ndale.

Chipata chili ndi matenda enanso: chimaphunzitsa anthu bodza. Galimoto ya bungwe ikangoima pa bwalo, mbuzi zimapita kwa achimwene, wailesi imalowa pansi pa bedi, mayi amavala chitenje chong'ambika. Amene wanena zoona ndi amene amatsala. Ndipo mabanja awiri oyandikana, lina lopitirira mzere ndi metikali imodzi, lina lochepera ndi metikali imodzi, amasanduka adani pa chitsime, chonsecho mu Febuluwale onse amakumana pa ganyu m'munda umodzi. Ena adzati, tikasiya nambala ndiye kuti tasiyira mafumu ndi alembi, ndipo iwo adzalemba abale ao okhaokha. Mau amenewa ndi oona, taziona ndi maso. Koma mankhwala a kukondera si nambala yochokera kutali imene palibe angaitsimikize. Mankhwala ake ndi kuwerenga maina pa bwalo, masana, mudzi wonse uli pomwepo, ndi kufunsa mafunso amene mnansi aliyense angatsutse ngati wina wanama. Ndalama ya m'thumba imabisika, koma mwezi umene utsi unaleka kufuka m'khitchini mwa mnzako sungabisike.

Boma lomwe linazindikira kuti ndalama yokha siinena zonse. Mu lipoti la kafukufuku wa 2014/15 anaonjezamo muyeso wina woyang'ana zinthu zisanu ndi chimodzi: ngati pakhomo pali amene anamaliza sukulu ya pulaimale, madzi abwino, chimbudzi chabwino, denga lolimba, magetsi, ndi katundu ngati njinga kapena wailesi. Muyeso umenewu ndi wabwino chifukwa umaoneka ndi maso. Komabe nawonso suona nyengo. Nyumba ya malata imakhala ya malata mu Juni ndi mu Febuluwale momwe.

Funso limene ndikufuna liziima pambali pa mzere wa ndalama ndi limene agogo athu ankafunsana kale: chimanga chanu chinatha mwezi uti? Banja limene nkhokwe yake imafika Epulo, limene imatha mu Disembala ndi limene imatha mu Sepitembala ndi mabanja atatu osiyana, ofuna thandizo losiyana pa nthawi yosiyana. Lachitatu likufuna chakudya ndi mbeu mvula isanagwe. Lachiwiri mwina silikufuna mphatso konse, likungofuna njira yoti lisagulitse chimanga chake mu Juni, kaya ndi nkhokwe ya gulu, kaya ndi ngongole yaing'ono yodikirira mtengo, kaya ndi ntchito ya mseu yolipidwa mu Ogasiti ndi Sepitembala m'malo mwa Januwale pamene khasu likufunika kumunda. A SETSAN, amene amaona za chakudya m'dziko muno, amafunsa mafunso ofanana ndi amenewa, makamaka pa chaka cha chilala ngati cha 2024. Chosowa ndi chakuti mayankho ake azitchulidwa chaka ndi chaka, boma ndi boma, m'chilankhulo chathu pa mawailesi a m'madera, monga m'mene amatchulira nambala ya dziko lonse.

Ndipo sitiyenera kudikira Maputo pa chilichonse. Ku Lusaka bungwe la JCTR lakhala likulemba mwezi ndi mwezi mtengo wa dengu la zofunika pa banja kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Lilongwe a Centre for Social Concern amachita chimodzimodzi. Pepala limodzi lokha, koma mabungwe a anthu apantchito amalinyamula akamakakambirana za malipiro. Ntchito yotere siifuna galimoto kapena kompyuta. Gulu la alimi la pa Fonte Boa, kapena mphunzitsi mmodzi ndi ana a kalasi lake, angathe kugula kope la masamba 96 n'kumalemba tsiku loyamba la mwezi uliwonse mtengo wa lata ya chimanga, kilo ya nyemba, thumba la feteleza, sopo, mchere, ulendo wa njinga yamoto wopita ku chipatala cha ku Ulongwe, malipiro a ganyu wa tsiku limodzi, ndi makwacha amene osintha ndalama a pa malire akupereka pa metikali imodzi. Patsamba lina azilemba, popanda maina, kuchuluka kwa makomo a m'mudzi amene chimanga chawathera mwezi umenewo.

Anyamata a INE akadzabweranso tiwalandire ndi kuwauza zoona, chifukwa iwo sagawa ufa ndipo kubisa mbuzi pamaso pao kumangoononga sikelo ya tonse. Koma kope lija likadzakwana miyezi khumi ndi iwiri, amene amatiimira ku Conselho Consultivo ya m'dera ndi ya pa boma adzalinyamule, ndipo nthawi yokambirana za mapulani a chaka ikadzafika adzatsegule tsamba la Juni ndi tsamba la Febuluwale pamaso pa a Administrador.